Makiranchi a Ulendo wa ku Marondera

Sukulu sindinaisiye chifukwa cha mimba kapena umbuli, ngakhale pakomboni alipo okonda kunena choncho. Ndinafika Fomu 4. Itakwana nthawi yolembetsa mayeso anandifunsa chikalata cha kubadwa, chimene kuno timangoti befi, ndipo ndinalibe. Nkhani inathera pomwepo. Ndinabadwira m'nyumba ya pa purazi, famu ya fodya, monga anabadwira Amayi, ndipo bambo awo anachoka ku Malawi kudzathyola fodya, osati kudzasunga mapepala. Lero ndimamwetsa mathole mkaka pa purazi lomwelo. Mathole safunsa befi.

Chaka chatha vutolo linagwera mng'ono wanga. Anali Giredi 7, kalasi imene ine ndinadutsa asanayambe kufunsa befi. Aphunzitsi anatumiza uthenga woti mayina a olemba mayeso apita temu isanathe, ndipo wopanda befi asadzivutitse. Mwanayo amawerenga chilichonse, ngakhale zolembedwa pa thumba la feteleza. Tsiku limenelo anakhala pakhomo n'kundifunsa ngati ku mathole kuli malo a munthu wina. Ndinamuuza kuti akabwereza funsolo ndimupotokola khutu mpaka lichoke.

Zinthu zinali zitasinthako pang'ono. Amayi anali atapeza chitupa chawo patatha zaka zambiri akuyendera. Chotsala chinali mboni, munthu amene anaona mwanayo akubadwa, woti akalumbire ku ofesi ku Marondera. Bambo anamwalira kale. Mboni inalipo imodzi yokha: mayi wokalamba wa mzere wachitatu wa nyumba, mzamba amene anabereketsa theka la komboni yathu. Ndi Mchawa, Msilamu, ndipo tonse timawatchula kuti Anganga. Pakamwa pawo m'pakuthwa kuposa lezala limene anatidulira michombo.

Ulendo woyamba tinauwononga tokha. Amayi anawauza kuti pofika masana tikhala titabwerako, choncho Anganga sananyamule kanthu. Tinapeza mzere watuluka pageti n'kukhota. Anganga amamwa mapiritsi a shuga, ndipo akakhalitsa osadya amanjenjemera. Dzuwa litapendeka anayamba kutuluka thukuta lozizira. Amayi anamasula sadza, nsima ya kuno, ndi ndiwo zathu, iwo anangotembenuzira nkhope kumbali. Pa purazi pali makola a nkhumba, ndipo Lachisanu antchito amagawiridwa mafuta ndi mapazi. Mapoto athu onse amadziwa kukoma kwake, ndipo Anganga ankadziwa zimenezo. Ndinathamangira ku sitolo. Pobwera ndi mabanzi ndinapeza anthu atawanyamula kale n'kuwagoneka pansi pa mtengo, Amayi akuwakupiza ndi nsalu. Malo athu pamzere anali atatsekeka ngati madzi pamene wachotsa dzanja.

M'kombi, kaminibasi, pobwerera Anganga anati, "Ndinakutulutsani m'mimba nonsenu kuti mudzandiphere pamzere? Sindipondakonso kumeneko."

"Mukanadya," ndinatero.

"Iwe ndinakuona usanavale kanthu. Tseka pakamwa."

Panatsala masabata awiri. Anthu a pamzere anali atatiuza kuti ena amamaliza masiku awiri asanafike pawindo. Mpunga umasasa ndi kutentha kwa mu Febuluwale, buledi amawagwira Anganga ola limodzi lokha. Koma vuto lalikulu linali lakuti analumbira kuti sapita, ndipo ine ndinali nditawalankhula mwano pamaso pa kombi yonse.

Amene anandiitana ndi mwamuna wawo, yemwe timamutchula kuti Sekuru. Kale anali kuki ku nyumba yaikulu, nthawi ya mzungu woyamba. Masiku ano amasonkhezera moto m'balani ya fodya masana. Ndinkadutsa ndi ndowa za mkaka pamene anandikodola.

"Iwe wa mathole, ukufuna nkhalamba ija ipite ku Marondera?"

"Eya, ku Marondera. Mumati ku tauni ya Ruwa?"

"Phika makiranchi. Ine ndinamukwatira ndi makiranchi amene uja. Ukuganiza kuti inali nkhope yangayi?"

Anandifotokozera kuti ndi timabisiketi tolimba ta otsi, mbewu yonga tirigu, tophika mu tini imodzi n'kutidula ngati njerwa. Mzungu ankapita nato kodamu sabata yathunthu, n'kubwera totsala tikadali tokoma. Anayamba kutchula zofunika ngati akulalikira: otsi makapu awiri, fulawa kapu imodzi, shuga, majarini, soda pang'ono, silapu, kokonati.

"Kokonati ndimuthyola mu mtengo uti pano, wa bulugamu?"

"Ika mtedza wokazinga. Silapu ngati palibe, uchi ndi dovi, chiponde chija. Ubwere Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi kwanuko, ndikuonetse."

Linali Lachinayi. Ine kudikira sindimatha. Otsi sanandivute, chifukwa pa purazi amalima wodyetsa ziweto, ndipo makina ophwanyira ali m'shedi momwe ndimagwira ntchito. Ndinapempha foromani. Anati, "Tenga, koma ukayamba kulira ngati thole usabwere kwa ine." Ndinadzaza kathumba, ndinagula majarini, n'kusakaniza zonse madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. Ndinaphika pa mbaula ya Amayi, makala ena pansi, ena pamwamba pa lata. Zinatuluka zofiirira, zonunkhira bwino. Podula zina zinanyenyeka, koma zisanu zinatuluka zooneka ngati chinthu. Ndinaziyala m'mbale n'kunyamuka kupita ku mzere wachitatu, mutu uli m'mwamba.

Ndili pakati pa njira ndinakumbukira. Tini ija ndinaipaka mafuta a m'kachitini kamene kamakhala pambali pa mbaula. Dzanja linangopita lokha, monga limapitira la Amayi tsiku ndi tsiku. Anali mafuta a nkhumba.

Ndinaima pafupi ndi mpope. Fungo linali la uchi ndi mtedza basi. Amayi sanaone, mng'ono wanga sanaone. Kunyumba majarini anali atatha, uchi utatha. Ndinadziuza kuti Mulungu wa Anganga sangakwiye ndi chinthu chimene iwo sakuchidziwa, ndipo ndinapitiriza ulendo.

Ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba. Ataona mbale maso awo anafewa, koyamba chibadwire changa. Anapukuta dzanja pa nsalu n'kulitambasula. Zala zitatsala pang'ono kukhudza, ndinabweza mbaleyo.

"Musadye. Tini ndapaka mafuta a nkhumba."

Anandiyang'ana, dzanja lili m'malere.

"Ukanakhala chete ndikanadya."

"Ndikudziwa."

"Nanga wanenera chiyani?"

"Kaya. Musandifunse zambiri."

Sekuru anatulukira kuseri. Anatola kamtengo n'kutembenuza kiranchi imodzi ngati akuona khoswe wakufa. Mankhusu a otsi anali atatulukira mbali zonse ngati minga ya nungu.

"Sunapete? Mwana iwe, izi ngakhale Mkhristu sangadye."

Anganga anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinakataya zonse kwa nkhuku za Amayi, ndipo nazonso zinasiya zina.

Lamlungu ndinapita monga anandiuzira poyamba. Majarini ndi uchi wina anandipatsa Amayi. Sekuru anandisambitsa m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, akuyang'anira. Kenako anatulutsa pansi pa bedi tini yawo yakuda bii, imene anatuluka nayo ku nyumba yaikulu. Chiwiya chathu chilichonse anachikana, ngakhale supuni.

Tinayamba ndi kupeta. Otsi wa ziweto amaphwanyidwa ndi makoko ake, ndipo makokowo akaima pakhosi samezeka. Anganga anakhala patali, akuti nkhaniyi siikuwakhudza. Sanathe mphindi zisanu.

"Ku Fomu 4 sanakuphunzitseni kugwira lichero? Ukuvina kapena ukupeta? Bwera nalo kuno."

Anapeta katatu, n'kusankha otsala ndi zala. Pa shuga anakangana ndi mwamuna wawo. Sekuru ankafuna kapu yodzaza monga ankachitira kale, iwo anati anamwino ku kiliniki anawaletsa, ndipo ngati akufuna kukwatira wina angonena. Tinathira theka, n'kuwonjezera mtedza ndi dovi. Majarini ndi uchi tinasungunula pamodzi, soda titathira zinachita thovu, kenako tinakhuthulira mu otsi.

Pamene ndinalakwitsa kwambiri tsiku loyamba panali potsindira. Ine ndinangosalaza ndi supuni. Sekuru anandipatsa kapu yachitsulo kuti ndizidinda ndi kunsi kwake, ngodya ndi ngodya.

"Zakwana," ndinatero.

"Dinda."

"Dzanja likupweteka."

"Kombi ya ku Marondera ikamagwa m'mayenje imafunsa za dzanja lako? Dinda ngati ukutsindira belo la fodya."

Uvuni wathu unali mphika waukulu wokhala ndi mchenga pansi, tini pamwamba pa mchengawo, lata povundikira. Makala Sekuru anakapala ndi fosholo ku ng'anjo ya balani, a bulugamu opanda utsi. Pansi anaika ochepa, pamwamba ochulukirapo, n'kumawasuntha ndi kamtengo. Anati moto waukali umapsereza kunja, m'kati n'kutsala chinyezi, ndipo chinyezi ndicho chimaola paulendo. Ndinkafuna kuvundukula kawirikawiri. Anganga anandimenya dzanja ndi chikho.

Zitapsa Sekuru anandiuza kuti ndidule nthawi yomweyo zikadali zofewa, kenako ndizisiye mu tini momwemo mpaka zizizire. Ndinakhala pa njerwa n'kumaziyang'ana. Palibe ntchito inandivuta tsiku limenelo kuposa imeneyo. Zitazizira tinazikulunga m'mapepala, osati m'pulasitiki chifukwa imachititsa thukuta, n'kuziika m'chitini chotseka bwino. Imodzi Sekuru anandipatsa.

"Osadya. Mawa uike m'thumba la ovolosi, ugwire nayo ntchito tsiku lonse. Ikabwera yathunthu, ameneyo ndi kamba wa paulendo. Ikabwera ufa, tiyambiranso."

Lolemba ndinawerama nayo, ndinasenza nayo ndowa, thole lina linandigunda pomwepo. Madzulo ndinaitulutsa pamaso pawo. Inali itabenthuka kangodya kamodzi. Anganga anailanda, anailuma, anatafuna pang'onopang'ono.

"Ya mwamuna wanga inkakoma kuposa iyi."

Sananene kuti apita. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira, ndipo ndinauza Amayi kuti mawa tingopita tokha tikachonderere. Lachiwiri m'mawa ine, Amayi ndi mng'ono wanga titafika pamsewu tinawapeza Anganga ataima kale, atavala mpango woyera, chitini chili m'khwapa.

"Mwachedwa," anatero.

Mzere unali womwewo, dzuwa lomwelo. Anganga ankatsegula chitini nthawi ndi nthawi, kudya imodzi, kumwera madzi, kutseka. Ine sanandigawire. Anagawira mayi wina woyembekezera amene anaima patsogolo pathu, kenako anamugwira pamimba pomwepo n'kumuuza kuti asayende kutali mwezi wamawa. Chitseko chinatsekedwa kutsogolo kwathu kutatsala anthu ochepa, koma ulendo uno tinali pamzere, ndipo anatipatsa kapepala ka nambala. Tinagona kwa msuweni wa Amayi. M'mawa mwake makiranchi anali monga tinawaikira, ndipo Anganga anaima ndi miyendo yawo mpaka pawindo.

Kalaliki anali mnyamata wotopa. Anawafunsa kuti akukumbukira bwanji kubadwa kwa mwana mmodzi pakati pa ana ambiri chotero.

"Mwanangu, lemba. Linali tsiku limene matalala anaboola fodya wa munda wakumunsi. Anatsogoza miyendo mwana ameneyu. Mayi akewa anandiluma apa." Anakwinya dzanja la bulauzi n'kumuonetsa chipsera. Amayi anayang'ana pansi.

Mnyamatayo anamwetulira, analemba, anadinda. Mng'ono wanga analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuyamba kuliwerenga lonse, ndi timalemba tating'ono tam'munsi tomwe. Ine ndinatembenuka kuti tizipita, chifukwa m'maso mwanga munayamba zopusa. Anganga anandigwira mkono.

"Uyunso ndinamubereketsa. Anatuluka akukalipa, mpaka lero sanasiye. Mulembeni."

Kalaliki anati munthu wamkulu ngati ine amafunikanso kalata ya kusukulu imene anaphunzira. Analemba zofunikazo pa kapepala n'kundipatsa.

"Ine ndinachedwa kale," ndinatero titatuluka.

"Ine ndili ndi mano asanu ndipo ndikudya makiranchi. Sunga pepalalo."

Dzina la mng'ono wanga linapita ndi a anzake. Analemba mayeso, anakhoza, pano ali Fomu 1 ndipo amandikonza Chingerezi popanda kumupempha. Ine kapepala kaja kanakhala m'Baibulo la Amayi miyezi yambiri. Zaka zimene ndinataya palibe ofesi ingandibwezere, ndipo ndikadutsa pa sukulu ija ndimayang'anabe kumbali. Komabe mwezi watha ndinalowa pageti pake, ndinapirira maso a aphunzitsi, n'kutuluka ndi kalata. Akuti mayeso a Fomu 4 munthu angathe kulembetsa payekha, bola befi.

Anganga avomera kukandichitira umboni Lachiwiri likudzali, koma akuti mtedza uchuluke. Dzulo ndinapita kwa foromani ndi kathumba kanga. Anandifunsa ngati nyanga zayamba kumera. Otsi ndapeta ndekha katatu, ndipo kachitini ka mafuta kaja ndakachotsa pambali pa mbaula n'kukaika pamwamba pa kabati, pamene dzanja silingafike lokha.