Kamota ka Eyakoni ya a Pravin

Che Yunusu sathamanga. Ndawadziwa zaka zoposa makumi awiri ndipo sindinawaonepo akuthamanga, ngakhale tsiku lomwe mvula yamatalala inatipeza tili pakati pa mlatho. Ine ndine Richard, ndimagulitsa maloko, misomali ndi mahinjesi mu Msika wa Lilongwe, ndipo amene ali ndi choipa chonena za mkulu ameneyu abwere adzanenere pabenchi panga, tidzaonane bwinobwino.

Anachokera ku Salima ali mnyamata, atanyamula kabokosi kamatabwa, nakapempha malo pakhonde la sitolo ya nsalu ya a Pravin ku Area 1. Pakhondepo panali atelala atatu, iwo nakhala kumapeto kwenikweni, pafupi ndi ngalande. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi. Kansalu koyera pakathebulo, kagalasi kokuza zinthu padiso, kopanira m'manja, tsiku lonse osatukula mutu. Kenako kunabwera mafoni ndipo anthu anasiya kuvala nthawi pamkono. Makasitomala okhulupirika anatsala anayi. Awiri anamwalira chaka chimodzi.

Nthawi yomweyo maso a a Pravin anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina anagunda chipilala cha geti la nyumba yawo yomwe ku Area 9, masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye ananena kuti chipilalacho chinasunthidwa. Sabata yotsatira anawatumiza Che Yunusu kukaphunzira kuyendetsa galimoto. Kuyambira pamenepo ndiwo dalaivala wawo.

Ntchito yake si yambiri. M'mawa kukawatenga kunyumba, kudzawasiya kusitolo, komwe mdalayo amakhala pampando pafupi ndi khomo kuyang'anira bizinesi yomwe inachoka kale m'manja mwake. Wolamula tsopano ndi mwana wawo, Aakash. Lachiwiri kuchipatala kukayezetsa shuga. Masana mdala akatopa, kubwerera kunyumba. Galimoto yake ndi yaing'ono, yotuwa, ija yochokera ku Japan, ndipo ndi yakale moti ana a masiku ano saitembenukira. Pa ntchito imeneyi ndi pomwe Che Yunusu amadyera, iwo ndi akazi awo, mayi Rahima, omwe miyendo inayamba kuwavuta.

Mu Okutobala chaka chatha, kuseri kwa dashibodi kunayamba kugogoda. Ukangoliza galimoto, tcha tcha tcha, kenako zii. Che Yunusu anawerenga: kakhumi ndi kamodzi nthawi zonse. Kuchokera tsiku limenelo eyakoni, ija yoziziritsa m'galimoto, inayamba kutulutsa mpweya wotentha basi. Upotoze kabatani kupita kobiriwira, moto. Upotoze kupita kofiira, moto womwewo. Uzimitse, kutentha kumangotulukabe pang'onopang'ono kumapazi. Kutsegula mawindo sikunkatheka chifukwa mdala ali ndi mphumu, ndipo fumbi la Lilongwe mu Okutobala mukulidziwa. Tsiku lina ali pamzere wa magalimoto pafupi ndi mlatho, a Pravin anachita chizumbazumba, mpaka Che Yunusu anaimika galimoto pambali n'kuwathira madzi kumaso.

Aakash anapita nayo kugalaja ina ya ku City Centre, kuja kuli mipando yofewa yodikirirapo. Anamuuza kuti afunika kugwetsa dashibodi yonse, ntchito ya masiku atatu, ndipo mtengo wake unali wosasiyana kwenikweni ndi mtengo wa galimotoyo. Lachitatu anawaitana Che Yunusu muofesi. Anawatchula ankolo, monga wakhala akuwatchulira chiyambire ali mwana wosewera ndi mabatire akutha pansi pa kathebulo kawo. Anawafotokozera mwaulemu kuti Lolemba galimoto ikugulitsidwa, bambo aziyenda ndi iye m'chigalimoto chake chachikulu, kupita m'mawa kubwerera madzulo. Za dalaivala sanatchule. Panalibe chotchula.

Che Yunusu atandiuza, ine ndinavula epuloni kuti ndipite ndikamuyankhule mwana ameneyo. Ndinali nditakonza kale mawu, ndipo sanali a m'Baibulo. Che Yunusu anandigwira malaya n'kundiuza kuti ndikhale pansi, iwo apempha kale tsiku limodzi, Lachisanu. Aakash wavomera kuti ngati Loweruka m'mawa galimoto ikutulutsa mpweya wozizira, sigulitsidwa. Ndinawafunsa ngati anakonzapo galimoto chibadwire. Anati ayi. Koma kulira kumene kuja, anatero, anakumvapo kambirimbiri m'mawotchi apakhoma. Ndi kagudumu kothoka mano.

Lachinayi tinapita kwa Bauleni, wogulitsa masipeya kuseri kwa msika. Bauleni amadziwa galimoto, vuto lake ndi pakamwa. Anatifotokozera kuti mkati mwa dashibodi muli kachitseko kamene kamasakaniza mpweya wotentha ndi wozizira, ndipo kamatsegulidwa ndi kamota kakang'ono kamene amakanika amati sevo. Kamotako kakafa, chitseko chimaima pomwe chili. Chathu chinaima kumoto. Anati tikakachotsa tibwere nako, iye ali nako orijino, kochokera m'galimoto yodulidwa ku Dubai. Ku Lilongwe kuno munthu akati ku Dubai, nkhani yatha. Ifenso tinangogwedeza mitu.

Lachisanu m'mawa, atawasiya a Pravin pampando wawo, anaimika galimoto pansi pa mtengo kuseri kwa sitolo. Ine ndinasiyira benchi mnzanga woyandikana naye. Che Yunusu anayala kansalu kawo koyera kaja pa boneti, naika pambali pake thireyi ya mazira yopanda mazira. Anayamba ndi kumasula waya wa batire. Kenako anachotsa kabokosi kamene kali kutsogolo kwa mpando wa pasinjala, muja timasungamo mapepala. Sikuluwu iliyonse imalowa m'dzenje lakelake m'thireyi, kuyambira kumanzere, motsatana ndi momwe yatulukira. Ine nditafuna kuwathandiza kutola imodzi, anandiyang'ana mpaka ndinaibweza.

Ndiye munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi anagona chagada pansi m'galimoto, mutu pansi pa dashibodi, miyendo pampando, kofiya wawo ali m'manja mwanga. Anatsamiritsa sikuludiraiva pa tinthu takuda tomwe tinali mmenemo, kwinaku chogwirira chili pakhutu, n'kundiuza kuti ndibwezeretse waya ndilize galimoto. Timamota tinalipo titatu tofanana. Kogogoda kanali kapakati. Ndinamasulanso waya.

Masikuluwu awiri anatuluka bwino. Yachitatu inabisala kuseri kwa paipi, pamalo pomwe dzanja la munthu wamkulu silinapangidwire. Kumeneko ndi kumene anthu a galaja amagwetsera dashibodi yonse. Ine ndinati tingothyola. Iwo anandituma kukatenga sowo yachitsulo pabenchi panga, nadula sikuludiraiva yawo mpaka inatsala ngati chala chachikulu. Anatenga pafupifupi ola lathunthu, akupotoza pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. Cha m'ma leveni koloko anatuluka, nkhope ili thukuta lokhalokha, kamota kali m'dzanja. Kanthu kake kakang'ono ngati mabokosi awiri a machesi.

Ndinathamanga nako kwa Bauleni. Anakayang'ana, nalowa m'kontena mwake, natuluka ndi kena. Kakuda chimodzimodzi, polowa mawaya chimodzimodzi, kukula chimodzimodzi. Anakagunditsa pamodzi n'kunena kuti ndi mapasa. Pomwe ndimabwerera, Che Yunusu anali atasamba kupita kumzikiti, poti linali Lachisanu. Anasiya uthenga kwa mlonda wa sitolo woti ndisakhudze chilichonse. Ndinakhala pa njerwa kulondera thireyi ya mazira mpaka hafu pasiti wanu.

Atabwera analowanso pansi paja. Panapita mphindi zambiri ndisanamve kanthu. Anatuluka, naika timamota tiwiri tija pakansalu moyandikana, n'kundiitana kuti ndione. Mabowo a masikuluwu a kathu anali kumanja. A ka Bauleni anali kumanzere. Kamkono kokankha chitseko kaja nakonso kanaloza kwina. Zinali ngati manja a munthu mmodzi: ofanana ndithu, koma gulovu ya uku silowa uku.

“Ku Dubai chiwongolero chimakhala mbali iti?” anandifunsa.

Ndinapita kwa Bauleni chimanjamanja, ndi liwiro lomwe Che Yunusu sanaligwiritsepo ntchito moyo wawo wonse. Zomwe ndinanena kumeneko sindizilemba. Ndingoti amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo kudzaonera, ndipo wina anandipatsa madzi. Bauleni anavomera kuti galimoto inali ya chiwongolero chakumanzere, koma anati palibe anamufunsa. Kena analibe. Ka ku Japan kakanabwera ndi kontena ya mwezi wamawa. Anawonjezera kuti munthu wanzeru angogulitsa galimotoyo. Apo ndiye anthu anachita kundigwira.

Ndinabwerera nditafooka, ndikuganiza za momwe ndiwauzire. Ndinawapeza atakhala pa njerwa yanga ija, kansalu pamiyendo, kagalasi padiso. Kagalasi kameneko ndinali nditatha zaka osakaona. Timamota tonse tiwiri tinali chotsegula, ngati nsomba zong'ambidwa.

Ndinawauza kuti Bauleni akuti tinthu timeneti sitimatsegulidwa, timangosinthidwa.

“Anakatseka ndi munthu,” anatero osatukula mutu. “Chokani pa kuwala, achimwene.”

Mkati munali kamota kenikeni kakang'ono ngati njere ya mtedza, ndi timagudumu toyera tapulasitiki, tinayi, tolumana mano. Pa kagudumu kakakulu ka kathu panali gwelu, mano awiri palibe. Chikhokho cha ka Dubai chinali chotembenuka, koma timagudumu take tinali tofanana ndi tathu. Anawerenga mano a tonse tiwiri ndi nsonga ya singano, kawiri, milomo ikuyenda. Asanachotse kothoka kaja anakanda kachizindikiro pa chikhokho kusonyeza pomwe kanaima, poti anati kagudumu ukakaika molakwika ndi dzino limodzi lokha, wotchi imayenda koma imanama. Kenako anafufuza m'girisi mpaka anapeza mano awiri othoka aja, nawaika m'dzenje lawo m'thireyi. Kagudumu katsopano kanalowa ndi kopanira. Girisi anapaka ndi mtengo wa machesi.

Kubwezera kunatenga nthawi yaitali kuposa kuchotsa. Sikuluwu yobisala ija inagwa kawiri, ndipo kawiri konse anaipeza ndi kamaginito komangirira kuulusi. Dzuwa linali litapendeka pomwe thireyi inatsala ndi mano awiri aja okha. Ndinamanga waya wa batire. Anakhala pa chiwongolero, navala kofiya, nati bismillah, naliza.

Kunamveka kaphokoso kakang'ono, ngati njuchi ili m'botolo, kenako kanasiya. Tinadikira kugogoda. Sikunabwere. Anapotoza kabatani kupita kobiriwira. Ine ndinaika nkhope pomwe pamatulukira mpweya, ndipo patapita kanthawi mphuno yanga inayamba kuzizira. Ndinakuwa mpaka mlonda anabwera ndi chibonga. Che Yunusu anangoyang'ana pamkono pawo n'kunena kuti abwana akulu achedwa kumwa mankhwala.

Loweruka ndinafika ku Area 9 Che Yunusu asanafike, chifukwa sindimafuna kumva nkhaniyi kwa munthu wina. Alonda a kumeneko sakonda munthu woyenda pansi, koma tinamvana. Hafu pasiti seveni Aakash anatuluka ndi makiyi ake m'manja, napeza bambo ake atakhala kale kumpando wakumbuyo kwa kagalimoto kotuwa. Anali atavala juzi yaubweya, yotsekeka mpaka m'khosi. Mu Okutobala. Thukuta linali likutsika m'mbali mwa makutu, koma nkhope ili gwa, kuyang'ana kutsogolo.

Aakash analowa kutsogolo, Che Yunusu naliza galimoto. Aakash anapotoza kabatani kupita kofiira, nadikira. Kobiriwira, nadikira. Anachita zimenezo kanayi. Anatsegula kabokosi kamapepala, nakatseka, nagwedeza dashibodi ndi manja awiri kuti amve ngati pali cholira. Anafunsa kuti ndi galaja iti. Atauzidwa kuti ndi pansi pa mtengo kuseri kwa sitolo yake yomwe, anatembenukira kwa Che Yunusu.

“Chabwino, ankolo,” anatero. “Koma zimenezi zikhala mpaka liti? Mwezi wamawa tidzakhalanso pomwepa?”

“Kagudumu koyamba kanakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,” Che Yunusu anayankha. “Abwana akulu ali ndi zaka eyite firii. Ine sikisite wanu. Katikwanira.”

Aakash anatembenuka kuyang'ana bambo ake. Mdala sanamuyang'ane. Ndinaona kuti mnyamatayo akufuna kuseka ndipo akufunanso kukwiya, ndiye zonse ziwiri zinamukanika. Anatuluka, naima atagwira chitseko, n'kunena kuti munthu amene amafuna kugula galimoto uja amuimbira foni kuti asavutike kubwera, ndipo Lolemba Che Yunusu afike nthawi yawo ya masiku onse.

A Pravin analankhula koyamba m'mawa umenewo. Anauza mwana wawo kuti atseke chitseko, kuzizira kukutuluka.