Masiku Atatu Opanda Jakisoni

M'mawa uliwonse, asanakoleze moto, alamu anga a Imelda amathira kapu ya madzi pamchenga umene uli pakati pa miphika iwiri yadothi, waung'ono m'kati mwa waukulu. Mu waung'onomo amasungamo insulini wa mwana wawo Mtendere kuti asatenthedwe, poti kuno kulibe magetsi. Mtendere ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anamupeza ndi shuga ali Sitandade 1, ndipo amabayidwa kawiri patsiku.

A Imelda ndi mlongo wa amuna anga. Ndi mayi wamfupi, woyenda ngati akuthamangira basi, wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo sasunga mawu m'kamwa. Ine ndinabwera pamudzi pano mwachitengwa, nyumba zathu n'zoyang'anizana.

Chaka chatha fodya atagulidwa, amuna awo a Joseph anabwera kuchokera kumsika wa Nsaru ndi botolo lobiriwira la makapusozi. Wogulitsa wa chimkuzamawu anawauza kuti ndi chamwamba ndi zitsamba zina, mwana akamwa mwezi umodzi shuga amatheratu.

"Chamwamba chili kuseri kwa bafa, bambo a Mtendere," anatero a Imelda. "Mwagula ndiwo za m'botolo, eti?"

"Nanga mwana azingosokedwa ngati fodya mpaka liti? Taonani pamimba pake."

"Azisokedwa ali moyo. Jakisoni sasiyidwa."

Patapita milungu iwiri kunagwa maliro ku Kabudula, a mayi mnzawo wa Chigwirizano. Pamaliro otere amayiwa amagona komweko, kuimba ndi kuphika mpaka kuika. Achibale a kutali anachedwa, masiku anakwana atatu. A Imelda popita kumaliroko, majakisoni anasiyira a Joseph, poti kuchipatala anawaphunzitsa onse awiri.

Tsiku lachiwiri Mtendere anabwera kwathu kanayi kudzapempha madzi akumwa. Kenako ndinaona nyerere zitaunjikana pamene anakodza kuseri kwa nkhokwe. Ndinamufunsa ngati wabayidwa.

"Ababa akuti ndipumuleko. Ndikumwa za m'botolo."

Ndinapita mpaka pakhomo pa a Joseph, mwana wanga kumsana. Ndinangowapatsa moni n'kubwerera. Mtengwa angadzudzule bwanji bambo pa mwana wawo yemwe? Kutacha Mtendere anali akusanza, akupuma mwamphamvu ngati wakwera phiri. Apo m'pamene ndinatenga foni ya amuna anga n'kuimbira a Imelda.

Anafika pa njinga yamoto ya kabaza, akadali m'bulauzi yoyera ndi duku. Anamununkhiza mwanayo m'kamwa, kumubereka ndi chitenje ngati khanda, kuponya botolo lija m'chikwama, n'kukweranso njinga.

Kuchipatala anagona masiku asanu, Mtendere ali pa diripi. Namwino atayang'ana botololo anati zoterezi sizilowa m'malo mwa insulini, ndipo mwana amene thupi lake silipanga insulini akangosiya masiku ochepa akhoza kufa.

Pobwera a Imelda anapeza a Joseph pakhonde, chipewa m'manja.

"Ndimamumvera chisoni," anatero a Joseph, maso pansi.

"Ndikudziwa. Muzimva chisonicho mukubaya."

Tsiku lomwelo a Imelda anandipeza ndikusenda mtedza. Mtima unali utandilemera, ndiye ndinaulula. "Alamu, nyerere ndinaziona tsiku lachiwiri."

Anandiyang'ana. "Nanga pakamwapo munabwereketsa kwa ndani?"

Ndinapitiriza kusenda. Anakhala pansi, nayamba kusenda nane. Kenako anatulutsa m'chitenje papaya losapsa ndi jakisoni wopanda mankhwala, n'kuziika pamiyendo panga.

"Maliro sadzatha, ndipo ine sindingaleke kupita. Manyazi anuwo sindikudziwa mankhwala ake, koma manja muli nawo. Mawa sikisi koloko mubwere. Muyamba kuphunzira kubaya pa papayali, Loweruka mudzabaya mwanayo ine ndikuona."