Makomo a pa Msewu wa ku Chintheche

Mayi anga anagona ku Chintheche, kwawo kwa bambo, ndipo ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndisanaone manda awo. Anamwalira ndili ndi zaka zitatu, bambo atatsogola kale. Agogo, amene anabereka mayi angawo, ndiwo anapita kukaika maliro, nabwera nane kumsana kuno ku Chia. Pamandapo sipanamangidwe chiliza, ndipo abale a bambo anabalalika. Wodziwa malowo anatsala agogo okha.

Kwa zaka zambiri agogo sankayenda. Analibe khadi la chipani, ndipo ankaopa anyamata ofunsa makadi pokwerera basi. Zipani zitachuluka anyamatawo anasowa, maminibasi ndi matola anadzaza mumsewu. Koma nthawi yomweyo maso a agogo anayamba kuchita ng'ala. Ndinazindikira iwo asananene. Posankha mpunga ankasiya timiyala, ndipo munthu akamabwera ankadikira kuti ayambe walankhula asanamulonjere.

Tsiku lina tikuyanika chinangwa pathandala anati, "Mkazi mnzanga, katenge kope lako laulere lija. Tipite ndikakusonyeze mayi ako maso asanatseke."

Msana wawo sunkalola kukhala m'galimoto tsiku lonse, choncho ulendowo tinauduladula. Iwo ankanena, ine ndinkalemba kumapeto kwa kope la masamu. Kugona koyamba ku Dwangwa, kwa mwana wa mlongo wawo amene ankadula nzimbe. Kwachiwiri ku Dwambazi, kwa msuweni wawo. Tsiku lachitatu tili ku Chintheche dzuwa lisanafike pamutu.

Agogo anabadwira kumpoto komweko, ndipo msewuwo ankaudziwa ukadali wafumbi. Anandiuza kuti ndikakhale pawindo la kumanja, chifukwa nyanja ili kumeneko. Anati ndikaona nzimbe mpaka maso kutopa, kenako ku Ngala madzi akatulukira pafupi ngati akufuna kukwera nawo galimoto. Anati ndikaona nkhungu, tizilombo touluka ta kunyanja, zitaima pamadzi ngati utsi wa lupsa, ndi mchenga woyera kuposa ufa umene tinkasinja.

"Nanga inu mukakhala pati?"

"Pakati. Zoona ine ndinaona kale. Iwe uzikandiuza ngati sananyamule mapiri."

Tinagwirizana zonyamuka tikakolola mpunga. Mvula ili mkati, uthenga unafika mochedwa kuti mwana wa mlongo wawo uja wamwalira ndipo anaika kale.

Kwathu munthu sudutsa pakhomo pamene panagwa maliro iwe kulibe. Umayamba kulira ukadali panjira, eni khomo amatuluka kudzalira nawe, ndipo umagona pomwepo. Supitanso chimanjamanja: pamafunika mpunga wopunthapuntha kapena nkhuku. Pambali pa Dwangwa ndinalembapo kamtanda.

Zaka zimenezo matenda aja amene anthu sankawatchula dzina ankatola achinyamata okhaokha. Mwana wamkazi wa msuweni wa ku Dwambazi anapita. Kenako mdzukulu wa mnzawo wa agogo ku Liwaladzi, kumene sitinkaganiza n'komwe zotsika. Kenako ku Ngala, kenako ku Kande. Mitanda inafika isanu, ndipo mpunga wa chaka chimenecho sukanakwanira makomo onsewo ndi pakamwa pathu. Tinadikira wina. Winawo unapsa ndi dzuwa.

Ine sindinali wolankhulalankhula, koma tsiku lina ndinalimba mtima.

"Agogo, bwanji tingodutsa? Tidzalira pobwerera."

"Maliro salira pobwerera ngati ukugula tomato. Amene wakuona ukudutsa pake, adzadutsanso pako."

"Koma maso anu sakudikira."

Patapita sabata agogo anagwera m'ngalande ya kumunda, masana dzuwa likuswa mtengo, panjira imene anayendapo zaka makumi angapo. Ndikuwatsuka matope m'miyendo anati, "Tidutsa. Koma ukandifunditse, asakandione."

Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa ndi kathumba kamodzi ka mpunga, kopita nako ku Chintheche. Pa Liwaladzi tinadutsa bwino, agogo atafunda chitenje kumutu ngati wodwala malungo. Pa Dwangwa minibasi inaima kudikira kuti idzaze. Ogulitsa malonda anazungulira mawindo. Ine ndinayang'ana pansi, koma mayi wina wa lichero la nthochi anaima pawindo langa osachoka. Sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana dzanja la agogo limene linali pabondo panga, la mphini zitatu pamkono.

"Apongozi?"

Anali mkazi wa malemu wodula nzimbe uja. Anatula lichero pansi, nayika manja kumutu, n'kuyamba kulira pomwepo pakati pa anthu. Pansi pa chitenje ndinamva agogo akusisima.

"Amayi, mukupita kapena mukulira?" anafunsa kondakitala. "Galimoto ino si ya maliro."

Agogo anavundukula kumutu. "Tsitsa katundu," anandiuza.

Mayiyo sanafunse chifukwa chake agogo anafunda, ndipo zikanakhala bwino akanafunsa. Anatiyalira mphasa yake yabwino, ana ake anayi atagona pamasaka. Agogo anamupatsa theka la mpunga uja osakweza nkhope. Pofika m'mawa, mbiri yoti tili mumsewu inali itatsogola ndi madalaivala, ndipo panalibenso khomo loti tidutse. Tinabwerera ngakhale ku Liwaladzi. Mpunga unathera ku Ngala. Ku Dwambazi ndi ku Kande tinafika ndi misozi yokha.

Nyanja ndinaiona ndithu. Nkhungu ndinaziona, mapiri anali pomwe anawasiya, ndipo ndinkawauza. Koma maso akangoyamba kuzolowera kukongolako, agogo ankagogoda denga la galimoto kuti titsike, n'kuyamba nyimbo yawo ya maliro phazi lisanaponde pansi. Ine ndinkatsatira pambuyo, kulira anthu amene sindinawaonepo. Ndinaphunzira msanga. Ulendo wa masiku atatu unatenga masiku khumi ndi limodzi.

Ku Chintheche tinapempha chilolezo cholowera kumanda, ndipo anatipatsa bambo wina wachikulire kuti atiperekeze. Iyeyu nthawi ya maliro a mayi anali ku migodi, sankadziwa kanthu. Agogo anati asavutike. Mwana wawo anamuika kumalire kwenikweni, mzere womaliza, mbali ya kunyanja, pamene manda ankathera ndi kuyamba tchire.

Bamboyo anatsokomola. "Amama, tchire limenelo tinalima kalekale. Malire asuntha katatu."

Agogo anandigwira paphewa. "Ukuona chiyani?"

"Mitumbira, agogo."

"Ingati?"

"Yambiri. Yambiri ndi yatsopano."

Tinayenda mpaka pamene dothi lofiira linathera ndi kuyamba mitumbira yakale, yotitimira, yomera udzu. Agogo anagwada movutikira nayamba kupapasa. Anapapasa woyamba, anakwawira pa wachiwiri, anabwereranso pa woyamba. Anatembenuza nkhope uku ndi uku ngati akumvetsera madzi. M'chigawo chimene ankachiganiziracho munali mitumbira isanu, yonse yopanda chizindikiro.

"Ndi umodzi mwa imeneyi?" ndinafunsa.

Anakhala pansi, miyendo atatambasula. "Ndachedwa nawe, mwana wanga."

Ndinadikira kuti ndilire, koma misozi sinabwere. Ndinali nditalira ku Dwangwa, ku Liwaladzi, ku Ngala, ku Dwambazi ndi ku Kande, ndipo apa m'maso munali gwa. Bambo uja anathyola nthambi n'kundipatsa, iye n'kukaima patali.

Ndinazula udzu ndi kusesa yonse isanu, umodzi umodzi, agogo atakhala pomwepo. Pamtumbira uliwonse ndinkagwada n'kutchula dzina langa motsitsa mawu, ndi kunena kuti ndakula, ndili sitandade seveni, ndimakhala ndi agogo ku Chia.