Mkamwini Anabzala Peyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anga anamwalira. Tinkakhala kumudzi kwawo kwa mayi, m'munsi mwa phiri la Michesi. Bambo anga anali mkamwini. Kwawo kunali kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo pobwera kudzakwatira ananyamula khasu, nkhwangwa ndi bulangeti basi.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi. Ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Ukwati ukatha, kapena mkazi akamwalira, mwamuna amatola zake n'kubwerera komwe anachokera. N'chifukwa chake akamwini ankalima chimanga, nandolo ndi chinangwa, zinthu zoti ukolola msanga. Mtengo sankabzala. Ubzalire ndani?

Bambo anga anabzala. Chaka chimene ndinabadwa anatola nthanga ya peyala pamsika, naikwirira kuseri kwa nyumba, naitchingira ndi minga kuopa mbuzi. M'chilimwe ankathirira ndi madzi otsukira mbale. Amalume, mlongo wawo wa mayi, ankawaseka pamowa.

"Alamu, mtengo umenewu mudzausenza pamutu popita kwanu?"

Bambo ankangoti, "Tidzaona pomwepo, alamu." Sanali munthu wa mawu ambiri. Ine ndinatengera iwo.

Peyala lobzala nthanga limachedwa. Zaka zinapita, mtengo unapitirira denga, koma osabala. Unachita maluwa chaka chimene mayi anayamba kudwala. Pamene zipatso zinkakhwima, mayi tinali titawaika m'manda. Sanalaweko ngakhale limodzi.

Titameta maliro, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi nawasudzula bambo. Panalibe mkangano. Amalume sanali munthu woipa; ankatsata mwambo umene anaupeza. Ine anati ndizikhala kwa mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene anali kale ndi ana odzaza mphasa, wina kumsana. Inali miyezi ya njala, chimanga chisanache. Pakhomo pamenepo moto wophikira unkayaka masana okha. Mmawa ana ankapita kusukulu m'mimba muli gwa, ndipo nthawi yopuma ikakwana ambiri ankathawira kutchire kukafuna zipatso, osabwereranso m'kalasi. Bambo ankazidziwa zimenezi. Iwo sankatha kulemba, posaina ankadinda ndi chala, ndipo sankafuna kuti nanenso ndidzadinde ndi chala.

Anapempha masiku ochepa oti akonzeke ulendo. Katundu woti akonze analibe. Anakonza ine.

Anandionetsa kuthyola ndi ngowe ya nsungwi, osati kugenda ndi miyala ngati mango. "Peyala likagwa molimba limavulala m'kati, iwe osaona," anatero. Anandiuza kuti peyala silipsa lili pamtengo. Umathyola lokhwima, limene khungu lake lasiya kunyezimira, n'kulikwirira m'dengu la madeya. Ukathyola ambiri tsiku limodzi, amapsa pamodzi n'kuolanso pamodzi. Uzithyola pang'onopang'ono, kuti mmawa uliwonse uzipeza lina lakupsa. Ndipo poyesa ngati lapsa, usalifinye pamimba. Ugwire kumutu kokha, pamene linachoka kunthambi.

Kenako ananditenga kugolosale ya Che Amidu, Msilamu amene ankagulitsa sopo, palafini ndi buledi pamsika wathu. Buledi ankabwera panjinga kuchokera kutali, ndipo wina ankagona mpaka kuuma, anthu osamufunanso. Bambo analankhula nawo chapansipansi. Che Amidu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe mwini mtengo iweyo? Chabwino, bwana. Uzibwera ndi mapeyala, ine ndizikupatsa wogona. Koma ukandibweretsera lovunda, makutu awa ndidzawakoka mpaka adzafike pamapewa."

Anaseka okha. Ine sindinaseke. Ndinali nditayamba kuzindikira kuti zonsezi zikutanthauza kuti bambo akupitadi.

Tsiku lonyamuka bambo anandidzutsa mmawa. Kunali nkhungu, phiri silinkaoneka. Anakoleza moto ndi tinkhuni, naika phale pamafuwa. Anacheka buledi wouma uja ndi mpeni wawo, namuika paphale. Posakhalitsa nyumba yonse inanunkhira ngati buledi watsopano. Anatembenuza ndi zala mpaka m'mbali munafiira. Anang'amba peyala pakati. M'kati munali mwachikasu, mofewa, mopanda banga. Anakanda ndi supuni, napaka pabuledi wotentha, nawaza kamchere.

"Waona?" anatero. "Madzi osamba asanafunde n'komwe, chakudya chatheka. Si kalongonda uyu woti uziphika tsiku lonse. Buledi akasowa, otcha chinangwa, upake chimodzimodzi. Mtengo ukamasiya kubala, chimanga chidzakhala chitacha."

Anandipatsa chidutswa chachikulu.

"Usadzaime pakhomo la munthu mmawa kudikira phala la ana ake. Udzipangire wekha, ugawireko abale ako, uzipita kusukulu. Wandimva?"

Ndinaluma. Kunja kwake kunali kokhukhuta, m'kati mofewa, mchere ukumveka patali.

"Bambo, ndipita nanu."

"Iwe kwanu ndi kuno."

"Nanga kwanuko kuli mapeyala?"

"Kulibe."

Ndinanyamuka, ndinapita padengu, ndinayamba kulonga mapeyala m'thumba lawo. Nthawi imeneyo amalume anali atafika kudzawaperekeza. Anaima pakhomo. Maso awo anali pathumbalo. Bambo anatulutsa mapeyala aja limodzilimodzi, nawabweza m'madeya.

"Mkamwini sanyamula za m'mudzi," anatero. "Awa ndi ako."

Kenako anawerama natola nthanga ya peyala tinadya lija. Anaipukuta pakabudula, naionetsa kwa amalume.

"Alamu, munkafunsa kuti ndidzausenza bwanji. Ndi chonchi."

Anaiponya m'thumba la malaya. Amalume sanaseke. Analanda nkhwangwa m'manja mwa bambo nawanyamulira mpaka kumtsinje. Ine ndinatsala pamoto ndi buledi wanga atazizira. Ndinamudya yense. Bambo sankalola kutaya chakudya.

Mmawa wotsatira ndinakoleza moto ndekha. Buledi woyamba ndinamupsereza. Ana a mayi aang'ono anamva fungo nabwera kudzaunjikana pakhomo, mamina ali tolotolo. Ndinacheka tizidutswa, aliyense kake. Mayi aang'ono atatulukira anagwira pakamwa.

"Iii, mwana wa achemwali! Ife timati tilera wamasiye, koma wamasiye ndiye akulera ife?"

Kuyambira tsiku limenelo palibe anandiwerengera nthongo pakhomo paja. Chaka chimenecho sindinathawe m'kalasi chifukwa cha njala, ndipo miyezi ya njala ya zaka zotsatira mtengo uja sunandigwiritse mwala. Che Amidu makutu anga sanawakoke. Sukulu ndinalekera kupulayimale, koma ndinaimaliza. Dzina langa ndimalemba ndekha. Izi mukuwerengazi ndalemba ndekha.

Bambo anabwera kudzandiona kangapo. Kenako njira ya kumalire inavuta chifukwa cha nkhondo, anasiya kubwera. Uthenga wa imfa yawo unandipeza ndili kale ndi ndevu, maliro atapita kalekale. Kutakhala bata ndinakwera njinga kukaona manda awo. Ndinamva kuti anakwatiranso m'mudzi wina, ukamwini womwewo. Ndinafunsa njira kwa amayi ena pachitsime.

"Pitani chomwechi," anatero. "Mukaona mtengo waukulu wa peyala, ndi pomwepo. M'mudzi muno ulipo umodzi wokha."

Ndinaupeza. Pansi pake panali ana akudya mapeyala ndi chinangwa chootcha, atadzipaka mpaka m'masaya. Mayi wapakhomopo, mkazi wawo wachiwiri wa bambo, anandiyalira mphasa. Anati bambo atabzala nthanga ija anthu ankawaseka. Ndinati ndikudziwa.

Nanenso ndinakakwatira ku Jenala, kwawo kwa mkazi wanga. Kumeneko n'kotentha, dothi lake si la kuphiri. Ndinabzala peyala, linauma. Ndinabzalanso. Alamu anga anafunsa funso lomwe lija, ngati anachita kuuzana ndi amalume. Mtengo wachiwiriwo unagwira. Lero adzukulu awo ndi amene amandibera mapeyala, ndipo ndimawakalipira chifukwa chogenda ndi miyala, osati chifukwa chakuba.

Mano anandithera, koma nyengo ya mapeyala ikafika mmawa wanga ndi womwe uja. Phale linasanduka chiwaya, basi. Mdzukulu wanga Tadala, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anandipeza tsiku lina ndikupaka peyala pabuledi wootcha. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Agogo, mwatsogola! Izitu n'zimene amadya mabwana m'mahotela. Zili ndi dzina lake la Chingerezi."

Anandionetsa chithunzi pafoni. Anali buledi yemweyo, peyala lomwelo, kungoti anaikapo timasamba pamwamba. Ndinamuuza kuti akhale pansi adye, ndipo nthanga asataye.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anandisiyira mtengo chifukwa analibe china choti andisiyire. Ndakalamba, ndaona kuti sizinali choncho. Iwo ankadziwa mwambo kuposa amene ankawaseka. Ankadziwa kuyambira tsiku lobzala kuti mtengowo si wawo, kuti tsiku lina adzatuluka m'mudzimo ndi khasu ndi bulangeti. Amalume ankafunsa kuti mkamwini adzanyamula chiyani pochoka. Bambo ankafunsa kuti mkamwini akadzachoka, mwana wake adzadya chiyani mmawa.

Mkazi wanga akadzatsogola, nanenso adzandisudzula. Sindidzakangana ndi munthu. Dengu la madeya ndidzalisiya lodzaza, ndipo m'thumba la malaya muli malo a nthanga imodzi.