Mkono Pamwamba pa Pepala

Kontirakiti yanga ya ulonda pa hotela ina ku Al Barsha, kudziko la Aluya, inatsala ndi sabata imodzi. Abwana anali atandiuza kale kuti pofika Lachisanu ndisaine zaka zina ziwiri, apo ayi ndizipita kwathu. Sabata yomweyo kampani ina yopanga apu yoitanitsira chakudya pafoni inandiitana ku intaviyu ya ntchito yosanthula manambala. Ntchitoyi ndinaiphunzira ndekha pa intaneti kwa zaka ziwiri, nditakhala pabedi langa lam'mwamba m'chipinda chogona antchito ku Al Quoz. Khomo lina lotulukira mu yunifolomu ndinalibe.

Mdala wa ku Chipata wogona pabedi lam'munsi anandibwereka jekete.

"Ukakambe, mwana iwe," anatero. "Chetechete sautsa nyama. Yalla, fulumira, ungachedwe."

Ondifunsa anali awiri, mayi wamagalasi ndi bambo wandevu. Mayiyo anandikankhira laputopu ndi pepala loyera.

"Mwezi uno maoda atsika kwambiri m'dera lina," anatero. "Tipezereni chifukwa chake. Muziganiza mokweza, ife tizimva."

Ndinavomera ndi mutu. Koma kusukulu ya kumudzi kwathu, kuganiza mokweza unali mlandu. Aphunzitsi athu a masamu ankati pakamwa patseke mpaka yankho lipse. Woyankha zosapsa ankapatsidwa khasu kuti akakumbe dzenje la zinyalala. Padesiki imodzi tinkakhala anayi, ndiye aliyense ankaphimba ntchito yake ndi mkono kuopa kuonereredwa. Ine khasulo sindinaligwirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinkanyada nazo.

Ndinayamba kulemba. M'chipindamo munangomveka kulira kwa makina oziziritsa mpweya.

"Mukuona chiyani pamenepo?" anafunsa bambo uja.

"Pepani bwana, pang'ono pokha."

Maganizo ndinali nawo atatu, koma awiri ndinkawakayikira. Ndikanawauza bwanji anthu aulemu wawo zinthu zokayikitsa? Mayi uja anasendera pafupi kuti aone zimene ndinkalemba. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mkono wanga wazungulira pepala lonse. Ndinauchotsa msanga. Posakhalitsa unabwereranso wokha.

Kenako ndinachipeza. Maoda sanatsike ayi. Deralo analigawa pawiri, ndipo theka la maoda linali kulembedwa pa dzina latsopano. Ndinawerengeranso kawiri, ndinajambula mizere iwiri pansi pa yankho, kenako n'kulinena m'chiganizo chimodzi.

"Mwalondola," anatero bamboyo. "Koma mwadutsa njira iti?"

Ndinamupatsa pepalalo ndi manja awiri. Zonse zinali pamenepo, m'zilembo zaukhondo. Analiyang'ana pamwamba chabe, n'kuyang'ana wotchi. Panja panali podikira munthu wina.

Kalata yawo inafika pafoni Lachinayi masana, ndili pachipata cha hotela. Anati yankho langa linali lolondola, koma akufuna munthu woganiza limodzi ndi anzake, woti akayamba kusochera ena amubweze msanga. Ndinaiwerenga mpaka mlendo wina anandiimbira hutala kuti ndimutsegulire.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mayi uja ananena poyera zimene ankafuna. Ndinamva bwinobwino. Koma ndinamvera aphunzitsi amene anali kutali, amene mwina anandiiwala kalekale, n'kusiya munthu amene anali patsogolo panga.

"Manje unakamba chani kuja?" anandifunsa mdala uja pomwe ndimamubwezera jekete.

"Yankho."

"Yankho chabe? Mumaminitsi onse aja?" Anaomba m'manja kamodzi. "Khalas, basi zatha. Jekete yanga inapita kumaliro."

Lachisanu m'mawa ndinalowa mu ofesi ya abwana ndipo ndinasaina. Anatenga pepalalo akumwetulira, n'kundisisita paphewa.

"Iwe ndimakukonda, habibi, m'bale wanga," anatero. "Sulankhulalankhula."

Ndinati zikomo, bwana. Ndinavala chipewa n'kubwerera kuchipata.