Phewa la Apongozi a Prosper

Khosi langa linauma gwa kwa zaka zinayi. Ntchito yotayipa m'maofesi a boma kuno ku Zomba ndiyo inalipha, moti munthu akandiitana kumbuyo ndinkatembenuka thupi lonse ngati ndasenza ndowa. Amene analimasula ndi a Prosper, aneba anga ku Sadzi. N'chifukwa chake nkhani yawo imandipsetsa mtima ngati yanga.

A Prosper ndi munthu wamfupi, wa zala zonenepa, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ali mnyamata ankanyamula ndowa ndi siponji pa timu ina ya mpira, ndipo kumeneko mayi wina wophunzira za minofu anawaphunzitsa ntchito. Amati mnofu ukatopa umamanga kamfundo kolimba ngati nyemba, ndipo ululu wake umakamvekera kwina. Iwo amakafufuza ndi chala chachikulu. Akakapeza amadinikiza osasuntha, iwe ukulira, iwo akuwerenga chamumtima, mpaka kafewe. Kenako amatikita ndi mafuta. Pabenchi lawo kuseri kwa nyumba pagona aphunzitsi a kuyunivesite, madalaivala a minibasi ndi akabaza.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanagonepo: apongozi awo, mayi Alufandika.

Mayiwa akhala akutsitsa nkhuni m'phiri kwa zaka makumi atatu. Amakwera njira ya ku Mulunguzi m'mamawa n'kutsika ndi mtolo wautali kuposa iwo eni. Chaka chatha phewa lamanja linakana. Mkono sunkafika pamutu, ndiye mtolo akanaugwira ndi chiyani? Anasamukira kwa mwana wawo Clara, mkazi wa a Prosper, n'kumabuula pakhonde, benchi lija lili poteropo.

Koma kwathu mkamwini sakhudza apongozi. Awiriwa akakumana panjira, a Prosper amapatukira m'udzu, moni n'kupereka atanjuta, nkhope kumbali. Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, chanza sanapatsanepo.

"Amayi, mphindi khumi zokha," Clara anawachonderera. "Mufunda chitenje."

"Iwe, amuna ako andigwire pathupi ine? Ndafa kale eti?"

Anamwa panado ngati mtedza. Anathowa ndi madzi otentha mpaka khungu linasupuka. Anapita kwa sing'anga n'kubwerako ndi mphini zisanu pamkono, pomwe panalibe vuto. Tsiku limenelo ndinapeza a Prosper atakhala pabenchi, manja ali m'khosi.

"Kamfundo kali apa, aneba," anatero, akundigwira pakati pa khosi ndi phewa. "Ndimakaona akamatembenuka. Apa basi! Anthu osawadziwa ndikuwachiza, amayi akuuma ine ndikuyang'ana."

Ine ndinati agwireni basi, mwambo susenza nkhuni. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Anayesa kuphunzitsa Clara. Koma Clara ndi wachisoni. Mayi ake akangoti "mayo" iye amachotsa chala, chonsecho ntchitoyi imayambira pa "mayo" pomwepo. Anawatumizira mpira wa tenisi kuti azitsamira nawo pakhoma. Mpirawo mayi anatsekera botolo la parafini.

Mvula itayandikira, dzanzi linafika ku zala, ndipo ngakhale kumanga duku anayamba kulephera. Loweruka lina Clara anawagoneka chafufumimba pamphasa, n'kuwafunditsa chitenje kumutu. Ine anandiitana kuti ndizicheza nawo mokweza. A Prosper analowa monyang'ama, opanda nsapato. Clara anaika chala chake paphewa. Amuna ake anachisuntha pang'ono, kenako anasanjika chawo pamwamba pake n'kudinikiza.

Mayi anakuwa. Clara anafuna kuthawitsa chala koma chinali chitapanikizika, nayenso anayamba kulira. A Prosper anali thukuta kamukamu, maso kudenga, milomo ikuwerenga. Patapita kanthawi ndinaona phewa likutsika pang'onopang'ono.

Kenako mawu anatuluka pansi pa chitenje.

"Clara, dzanja lako lalemera lero."

"Eya, amayi."

"Uzitero. Ubwerezenso Lachitatu."

Anabwereza kasanu, chitenje kumutu, ine ndikubwebweta. Lero mayi Alufandika akukweranso phiri. A Prosper anatuma Clara kuti awauze achepetse mtolo, sanachepetse. Kumsika amauza aliyense kuti mwana wawo ali ndi manja, moti anzawo a nkhuni afika kale atatu, ati akufuna Clara, mwamuna ayi. Abale inu, ine zimandinyansa. Zikomo a Prosper sanamulandire, ndipo sadzamulandira.

Dzulo ndinawaona akukumana panjira yotsika m'phiri. A Prosper anapatukira m'udzu n'kunjuta, nkhope kumbali. Apongozi anadutsa ndi mtolo wawo. Atapitirira, a Prosper anatembenuka mwakabisira n'kuyang'ana dzanja lamanja lija. Linali m'mwamba, litagwira nkhuni.