Chipewa cha Esinati

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kumeneko n'kudzuka, poti usiku wonse ndinangotsamira khoma la nyumba ya achemwali anga, azimayi akuimba nyimbo za maliro. Kunja kunali chiperoni. Phiri la Michesi silinkaoneka, ndipo moto wa azibambo pabwalo unkangofuka utsi.

Tsikulo tinkaika Esinati, mwana wa achemwali angawo, wa zaka khumi ndi zitatu. Inamutenga ndi khansa ya m'magazi. Mayi ake anali ndi khanda, ndiye ndine ndinakagona pansi pa bedi lake ku chipatala chachikulu ku Blantyre, miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaphunzira kudikira magazi osabwera, kugwira beseni akamasanza, kumunamiza kuti jakisoni wa pamsana sapweteka. Tsitsi litayamba kutsalira pa pilo analira kuposa mmene ankalirira jakisoniyo. Ndinamugulira chipewa choluka chobiriwira pa kaunjika, ndipo ankachivula posamba pokha, tili awiri. Sabata yomaliza anandigwira chala n'kunena kuti, "Amayi aang'ono, anzanga a kusukulu asadzandione mutuwu." Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zopusa. Kenako ndinamulonjeza.

Kutacha, amayi achikulire a kumpingo analowa kukamusambitsa. Ife achibale sitiloledwa mmenemo. Ndinapereka chipewacho kwa mmodzi wa iwo pakhomo, n'kuwapempha kuti amuveke. Anavomera ndi mutu. Chifukwa chake sindinafotokoze, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti chinanditseka pakamwa n'chiyani, ine wolongolola chonchi.

Anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena wapansi atafunda zitenje kumutu. Kuseri amayi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, nyemba osapsa, akukalipirana. Abale a bambo ake atafika kuchokera kwa Mkhumba anandiitanitsa m'nyumba ina kuti ndiwafotokozere za matenda, poti ndinaliko ndine. Koma mafunso ake! Magazi a mwana angaonongeke okha bwanji? Bwanji simunabwere naye kumudzi kuti tiyeseko kwina? Ndinayankha mpaka kukhosi kunauma, ndipo potuluka ndinapeza bokosi lili kale pabwalo.

Poona nkhope anayamba ndi anthu akutali, achibale timamaliza. Ndinakhala pa mphasa, amayi awiri atandigwira m'mapewa monga amachitira ndi ofedwa. Kenako kunabwera ana a sukulu, mzere wautali, yunifomu zitanyowa, aphunzitsi awo ali patsogolo. Woyamba anasuzumira n'kudutsa. Wachiwiri anaima, anagwira pakamwa, n'kucheukira mnzake wa kumbuyo. Pomwepo ndinadziwa kuti chipewa sanamuveke.

Ndinayesa kuimirira. Amayi aja anandikanikizira pansi, akuti limbani mtima, nthawi yanu ikubwera. Ankaganiza kuti ndikufuna kukadzigwetsa pabokosi. Ndinakuwa kuti chipewa, chipewa, koma kwaya inali pakati pa nyimbo, ndipo munthu akamalira pamaliro palibe amamvetsera zimene akunena. Ana aja anadutsa onse, ine ndikuwaona mmodzimmodzi mpaka womaliza.

Nditafikapo ine, Esinati anali gone mu diresi yake yoyera ya kukwaya, atamudzoza bwino mafuta, mutu uli pamtunda. Anakongola ndithu, koma si zimene tinapangana. Mayi wachikulire uja anandinong'oneza kuti chipewa cha m'chipatala sichikanayenera ndi diresi yoyera, ndipo mpango ndi wa akuluakulu, mwana sapita nawo. Anachita mwa ulemu, sindingawanamizire. Ndinayamba kumasula mpango wanga, koma adzukulu anali atagwira kale chivundikiro ndi hamala, abusa akungoyang'ana mitambo.

Tinapita kumanda kudzera m'kanjira ka pakati pa minda ya nandolo, matope akukakamira kumapazi. Za kumandako ndinamvapo zochepa. Amalume anathokoza anthu, n'kundithokozanso ine ponditchula dzina, akuti ndinasamala mwana mpaka mapeto. Ndinangowerama, manyazi atandigwira.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala mabenchi a kutchalitchi ndi phulusa lonyowa. M'nyumba munali zii, kumangomveka khanda likuyamwa. Achemwali mawu anali atawathera ndi kulira. Ndikuyatsa nyali anandiitana chapansipansi.

"Iwe ndiwe unali naye. Mwana wanga sanasiye mawu alionse? Kanthu kena koti timuchitire?"

Ndinalimbana ndi nyaliyo nthawi yaitali. Dothi tinali titakwirira kale, ndipo ana aja anali kwawo, mwina akufotokozera makolo awo zimene aona.

"Ayi, achemwali," ndinatero. "Sanasiye mawu."

Anausa moyo, nati bola choncho, n'kutembenuzira khanda kubere lina.